Ndalama Zinalimo, Koma Banki Inabweza

Foni ya Adija inatsekedwa chaka chatsopano chitangolowa kumene. M'mawa umenewo anaitenga pawindo pamene ankaitchajira, kuti aone ngati mwana wake Asiyatu watumiza uthenga kuchokera kumudzi, koma anapeza galasi lonse lafiira. Pakati panali mawu a Chingerezi ndi nambala imodzi yoimbira. Chingerezi cha Adija chinali cha kukhitchini, chongokwanira kumvana ndi madamu ake, komabe mawuwo anawatola: ndalama ya mwezi uno sinafike, foni ikhala yotseka mpaka mutalipira.

Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Anaipukuta ndi nsonga ya mpango wake, n'kuiyatsanso kachiwiri. Palibe chinasintha.

Foniyo anaitenga pangongole ku shopu ina ya ku molo, chinyumba chachikulu cha mashopu ambiri. Tsiku limene ankaitenga anasainira chimene ku Joni amati debiti oda, chilolezo choti kampani ya foni izidula yokha ndalama mu akaunti yake ya kubanki kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Anamuchenjeza kuti mwezi ukangodumpha foni imadzitseka, koma iye sanade nazo nkhawa. Sanali munthu wodumphitsa ngongole, ndipo chitengereni foniyo inali isanamuchitepo zimenezi.

Ndiye itsekeke lero? Asiyatu, mwana wake yekhayo, anali kuchidikiro pachipatala cha kufupi ndi kwawo ku Ntaja. Inali mimba yoyamba, ndipo mwezi wake unali utakwana. Dzulo lake lomwelo anacheza pa WhatsApp, Asiyatu akudandaula msana ndi kutupa kwa mapazi.

"Amayi, ine ndikuopa," anatero mwanayo.

"Usaope," Adija anamulimbitsa mtima. "Chikangoyamba kupweteka undiimbire, kaya ndi nthawi yanji. Foni ndikhala nayo m'manja mpaka uchire."

Adija ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Alberton, ku Joni, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Eni nyumba anali atapita kutchuthi kunyanja ya mchere Khirisimasi isanafike. Madamu anamupatsiratu malipiro a Disembala, n'kumusiyira makiyi, galu wokalamba ndi malangizo. Aziyatsa magetsi madzulo, azithirira maluwa, ndipo asachoke pakhomo nthawi yaitali, chifukwa akuba amadziwa nyumba zopanda anthu. Msewu wonse unali zii. Mabanja ambiri anali atachoka, antchito awo atapita kwawo. Kunatsala mageti otseka ndi mipanda yaitali ya waya wamagetsi.

Foni yotsekedwayo inkalola kuimba nambala imodzi yokha, ya kampani ija. Adija anaimba. Kunayankha makina omuuza kuti adine apa, adine apo. Atadikira nthawi, kunabwera mwamuna wolankhula Chingerezi chothamanga ngati akuthawa mvula. Adija anangotolapo mawu awiri, banki ndi kulipira. Atapempha kuti abwereze, mwamunayo anabwereza liwiro lomwelo. Adija anachita manyazi, anathokoza, n'kudula.

Mawa lake anatsekera galu kuseri n'kupita pa filing'i siteshoni ya pakona pamene panali makina a ATM. Ankadziwa kuti ndalama anali nazo. Chaka chisanathe anapita ku molo kukagula katundu wa mwana wodzabadwayo, matewera, timabulangete, tizipewa ndi beseni, n'kulipira ndi khadi. Atatuluka m'shopu anafunsa balansi pamakina, ndipo kapepala kanasonyeza ndalama zambiri kuposa mmene ankaganizira. Anasangalala, anatapako zina n'kutumizira mkamwini wake Idi kuti zikathandize kuchipatala. Zotsalazo, malinga ndi mmene anaonera, zinali zokwanira kulipira foni n'kutsalako.

Koma tsopano kapepala kanatuluka ndi nambala yaing'ono. Adija anakayang'anitsitsa ataima pambali pa makinawo.

"Ndiye kuti adula kale," anadziuza. "Banki yatenga, koma sinakapereke. Ndi masiku a tchuthi ano. Ifika."

Anabwerera kunyumba n'kuyamba kudikira.

Masiku otsatirawo anali aatali. Ankadzuka, kuswali, kusesa nyumba yoti palibe waipondamo, kuthirira maluwa amene mvula ya masana inali kudzawathiriranso. Foni ankayenda nayo m'thumba la epuloni. Akamapukuta mawindo ankaitulutsa, akamadyetsa galu ankaitulutsanso. Nthawi zina ankamva ngati yanjenjemera, koma akaiona inali yofiira chimodzimodzi. M'nyumba yaikuluyo munalibe foni ina. Ngakhale ikanakhalamo, manambala onse anali m'foni yotsekedwayo, ya Asiyatu, ya Idi, ya madamu, ngakhale ya dalaivala amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Malawi. Nambala yokhayo imene Adija ankaidziwa pamtima inali ya malemu mwamuna wake.

Chakudya sichinkalowa. Ankakhala pa sitepe ya kachipinda kake, galu atagona pamapazi pake, n'kumamvetsera phokoso la magalimoto la kumsewu waukulu, anthu akupita kwa abale awo. Ankaganiza za Asiyatu ali pabedi la chipatala akuimba foni yosayankhidwa. Ankakumbukira mmene iye anavutikira pobereka mwana yemweyo, mayi ake atamugwira dzanja. Tsiku lina anadzipeza akulankhula ndi galu Chiyao, kumufunsa ngati mwana wabadwa.

Maganizo opita kubanki ankabwera, koma ankawakankha. Banki inali ku molo, ulendo wa takisi, ndipo madamu anati asachoke nthawi yaitali. Komanso Adija ankaopa maofesi. Mapepala ake okhalira m'dzikomo anali bwinobwino, koma anali atamva nkhani zambiri za anthu amene analowa mu ofesi kukafunsa chinthu chimodzi n'kutulukamo ndi mlandu wina. Nanga akafika akanena chiyani, m'chilankhulo chiti? Mumtima mwake munali kale yankho: amuchita zimenezi chifukwa ndi mlendo, ndipo mlendo sadandaula.

Tsiku lotaya zinyalala linafika. Adija anakankhira bini kugeti m'mawa. Kutsidya kwa msewu, mayi wina wonenepa, wovala yunifolomu yobiriwira, ankalimbana ndi bini lake. Adija ankamuona mayiyu kawirikawiri pa tsiku ngati limeneli, ndipo ankapatsana moni wa Chizulu, wina "Sawubona," wina "Yebo," basi. Ankamuyesa wa ku Zimbabwe. Tsiku limenelo tayala la bini la mayiyo linaguluka, bini n'kugwa, zinyalala mbwee pamsewu.

"Iwe chibini iwe, wandiyamba dala eti!" anakalipa mayiyo.

Adija anaima chilili. Kenako anawoloka msewu osayang'ana n'komwe magalimoto.

"Pepani, kodi ndinu a kumudzi?"

Mayiyo anatembenuka, maso ali tong'o. "Aa! Achemwali! Nthawi yonseyi tikupatsana Sawubona ngati alendo? Ine ndine Gertrude, kwathu ndi ku Ntcheu. Nanga inu?"

"Adija, wa ku Ntaja." Anafuna kuwonjezera mawu ena, koma misozi inayamba kutsika yokha.

Gertrude anasiya zinyalala zija. Anamugwira mkono n'kumukhazika pamphepete pa msewu. Adija anafotokoza zonse, za Asiyatu, za foni, za kapepala ka pamakina. Gertrude anatulutsa foni yake msangamsanga.

"Imbani pa yangayi. Eyataimu ilimo."

"Nambala sindikuidziwa pamtima."

"Eish." Gertrude anaganiza pang'ono. "Ndiye mwati mwangokhala kudikira kuti ndalama ifika yokha? Achemwali, ndalama ya debiti oda siyenda pansi. Ngati sinafike mpaka lero, ndiye kuti sinanyamuke n'komwe. Kubanki mwapitako?"

"Ndikuopa. Akakandifunsa za mapepala?"

"Mapepala anu ali bwino?"

"Ali bwino."

"Ndiye mukuopa chiyani? Ndalama ndi zanu, munazivutikira nokha. Kufunsa za ndalama zanu si mlandu. Katengeni pasipoti ndi khadi. Ine madamu anga alipo, ndiwauza kuti ndikuperekeza m'bale wanga, ndipo aziponyako diso kugeti kwanu. Chizulu ndi Chingerezi musiyire ine, ndakalambira kuno."

Anakwera takisi ya ku molo. Kubanki anthu anali ochepa. Anawalozera pa desiki ya mtsikana wina amene baji yake inalembedwa kuti Palesa. Mtsikanayo anaona pasipoti, anaona nkhope ya Adija, n'kubweza pasipotiyo osafunsa china chilichonse. Kenako anatembenuza kompyuta kuti onse aziona. Ankalankhula pang'onopang'ono, kusakaniza Chingerezi ndi Chizulu, Gertrude n'kumamasulira.

"Mama, ndalama yanu sinasowe, ndipo sinapite ku kampani ya foni," anatero Palesa. "Kampaniyo inabwera kudzapempha pa tsiku lake, koma ife tinabweza pempholo chifukwa ndalama sizinakwane."

"Sizinakwane bwanji?" Adija anadabwa. "Ndinaziona ndi maso anga pakapepala, nditangomaliza kugula."

"Pakapepala pamakhala manambala awiri. Inu munawerenga iti?"

"Yaikuluyo."

Palesa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho limeneli kambirimbiri. "Nambala imodzi imasonyeza ndalama zonse zimene zikadali mu akaunti. Inayo imasonyeza zimene mungathe kugwiritsa ntchito. Mukagula chinthu ndi khadi, banki imapatula ndalamayo nthawi yomweyo n'kuisungira mwini shopu. Koma mwini shopu amachedwa kudzaitenga, makamaka masiku a tchuthi. Ndiye ndalamayo imaonekabe pa nambala yaikulu ija, pamene si yanunso."

Gertrude atamasulira anawonjezera zake. "Zili ngati mbuzi yoti mwagulitsa kale, wogula wati adzaitenga Loweruka. Ili m'khola mwanu, mukuiona, ikudya udzu wanu, koma simungaiwerengerenso."

Adija anakumbukira mmene anasangalalira pamakina paja, n'kutapanso zina zotumiza kwa Idi.

"Nanga zinaperewera zambiri?" anafunsa motsitsa mawu.

Palesa anayang'ana pakompyuta. "Ayi. Pang'ono chabe. Mwina ya buledi ndi mkaka."

Mawu amenewo anamulasa Adija kuposa ena onse. Masiku onsewa osamva za mwana wake, chifukwa cha ndalama ya buledi ndi mkaka!

"Bwanji simunangopereka zimene zinalipozo, zotsalazo n'kudzamaliza?"

"Pempho la debiti oda timalilipira lonse kapena kulibweza lonse. Sitilidula pakati."

"Koma ndili ndi ndalama zina m'banki mwanu momwemuno," Adija anakweza mawu pang'ono. "Ndimasunga pambali za ulendo wa kumudzi. Simunazione?"

"Ndikuziona, zili bwinobwino mu akaunti yanu yosungira. Koma zimenezo sitingazikhudze inu musanatiuze. Munasainira kuti kampani izidula mu akaunti yolandirira malipiro, ndiye timayang'ana momwemo basi."

Adija anayang'ana pansi. Funso limene linamusowetsa tulo linali lisanatuluke. Anamunong'oneza Gertrude, ndipo Gertrude analinena mosabisa.

"Akufunsa ngati mwabweza chifukwa choti iwo ndi mlendo."

Palesa anasiya kompyuta n'kumuyang'ana Adija m'maso. "Ayi, Mama. Palibe munthu amene anakhala pansi n'kuwerenga dzina lanu. Mapempho amabwera ambirimbiri m'mamawa, ndipo amawayeza ndi makina. Makinawo amaona ngati mwini akaunti anavomereza kampani imeneyo ndipo sanailetse. Amaona ngati akaunti ikugwira ntchito bwino, chifukwa nthawi zina imaimitsidwa ngati mwini wake sanabweretse mapepala atsopano akale atatha. Kenako amaona ngati ndalama zogwiritsa ntchito zikukwana pa nthawi imeneyo. Zikakwana, amalipira. Zikapanda kukwana, amabweza. Ine ndemwe wogwira ntchito muno, zanga zikaperewera amabweza."

"Ndifunseko nane," Gertrude analowererapo. "Madamu anga amati akaunti yawo imafika pansi pa ziro, koma zinthu zawo zimalipiridwabe. Zimenezo ndiye ziti? Si tsankho limenelo?"

Palesa anaseka. "Amenewo anachita pangano ndi banki loti ndalama zikawathera, banki iziwalipirira mpaka malire ena ake. Timati ovadirafuti. Tisanavomere timaona malipiro a munthu ndi mbiri ya mmene amabwezera ngongole. Koma si mphatso, ndi ngongole, ndipo imabala chiwongoladzanja. Akaunti ya mayiwa ilibe pangano limenelo. Kwa vuto ngati ili sindingawalimbikitse kulitenga, pali njira yosavuta."

"Chabwino," Gertrude anapitiriza. "Nanga ine mwezi wina anandilipirira ya inshuwalansi, ya sukulu ya mwana n'kubweza, zonse za tsiku limodzi. Anasankha ndani?"

"Mapempho amayezedwa limodzilimodzi monga mmene afikira pamzere. Loyamba likatenga, lachiwiri limapeza zotsala. Makina sadziwa kuti chofunika kwambiri kwa inu ndi chiti. Mukafuna kuti china chizitsogola, chipatseni tsiku loyambirira."

Kenako Palesa analoza mzere wina pakompyuta, n'kufotokoza chifukwa chake balansi ya Adija inatsika chonchija. Mwini shopu ya katundu wa ana anali atadzatenga ndalama yake, ndipo banki inadulanso chindapusa chifukwa cha pempho lobwezedwalo.

"Chindapusa? Mwandikaniza, n'kundilipiritsanso?" Adija sanamvetse. "Simungandibwezere?"

"Pepani Mama, chimenecho sindingathe. Chili m'malamulo a akaunti yanu, ndipo pempho likabwezedwanso chidzadulidwanso. Komanso mapempho akamabwezedwa kawirikawiri, mbiri yanu ya ngongole imawonongeka. N'chifukwa chake ndikufuna tikonze lero."

Anakonzadi. Adija anavomera kuti atapeko pa ndalama za ulendo zija, ngakhale mtima unamuwawa, ndipo Palesa anazisamutsira mu akaunti ya malipiro. Anamulangiza kuti apite ku shopu ya foni akalipire yekha, atenge lisiti, ndipo awauze kuti asayesenso kudula za mwezi umenewo, poti makampani ena amabwereranso kudzayesa ndipo munthu angalipire kawiri.

"Mumalandira liti malipiro?" Palesa anafunsa.

"Mwezi ukatsala pang'ono kutha."

"Ndiye apempheni asinthe tsiku. Azidula tsiku lotsatira malipiro anu, ndalama zisanayambe kutuluka. Tsikulo amasintha ndi a kampani, osati ife, koma tikakutumizirani uthenga woti muvomereze, muvomereze. Mwezi wina mukadzaona kuti zinthu sizikuyenda, musadikire kuti tibweze, auzeni a kampani tsiku lisanafike. Ndipo mukadzaona kuti wina wadula ndalama imene simunavomereze, bwerani msanga, musachedwe."

Pomaliza anatenga kapepala ka balansi n'kuzunguliza ndi cholembera mawu akuti "available".

"Mabanki amasiyana malo oika manambalawa, wina pamwamba, wina pansi. Inu muzingofuna mawu awa. Nambala ili pambali pake ndiyo yanu yeniyeni."

Shopu ya foni inali m'molo momwemo. Gertrude analankhula, Adija analipira, analandira lisiti, ndipo tsiku lodulira linasinthidwa. Mnyamata wa m'shopumo anati adikire pang'ono. Anakakhala pabenchi moyang'anana ndi shopu ya nsapato, foni ili pamiyendo pa Adija.

Kufiira kuja kunachoka mwadzidzidzi. Foni inayamba kulira, kulira, osaleka, mauthenga akulowa motsatizana. Adija anadina uthenga wa mawu woyamba n'kuika foni kukhutu.

"Amayi, chayamba. Ndikukuimbirani simukuyankha."

Wachiwiri unali waufupi, mawu akutuluka movutikira. "Amayi, muli kuti? Amayi!"

Adija anatseka maso. Gertrude anamugwira phewa. Wachitatu unali wa Idi, mawu ake ali ndi chimwemwe ndi kutopa. "Amayi, wachira. Mphatso ndi yamwamuna. Onse ali bwino, Alhamdulillah." Panali ena ambiri pambuyo pake, ofunsa ngati ali moyo, ngati wagwidwa, ngati wadwala. Wotsiriza unali wa Idi, wa dzulo lake. "Amayi, tinafuna kuti dzina mupereke ndinu, monga tinapangana. Tadikira, koma tsiku la mwambo lakwana. Bambo anga amutcha Hussaini."

Adija anapukuta nkhope ndi mpango, n'kuimba pa vidiyo. Inangolira kamodzi.

"Amayi!" Asiyatu anakuwa. Nkhope yake inali itaonda, koma maso anali owala. "Muli moyo? Idi wakhala akuimbira aliyense amene amamudziwa ku Joni. Ife timaganiza kuti mwina akupwetekani."

"Ndili bwino, mwanawe. Foni inatsekedwa. Ndalama inaperewera pang'ono kubanki, ine osadziwa."

Asiyatu anayankha kuti, "Munati mukhala nayo m'manja."

Adija anangoti, "Pepa, mwanangu."

"Basi, zatha. Dikirani." Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa denga la malata, kenako kankhope kofiirira kokutidwa m'chitenje, kakuyasamula. "Hussaini, awa ndi agogo ako. Achedwa, koma afika."

Gertrude anasuzumira n'kuyamba kululutira pakati pa molo, anthu odutsa n'kumacheuka. Adija anaseka misozi ili m'masaya.

Madzulo a tsiku limenelo anabwerera kunyumba yaikulu ija. Inali zii monga kale, ndipo eni ake anali asanabwere. Zimene zinamudutsa zinali zitamudutsa. Sanamve kulira koyamba kwa mdzukulu wake, dzina anapereka ndi ena, ndipo ulendo wa kumudzi unasunthira kutsogolo chifukwa cha ndalama zimene anatapa. Anakhala pa sitepe yake n'kulemba manambala a Asiyatu, Idi ndi Gertrude pakapepala, n'kukaika m'chikuto cha pasipoti.

Kumapeto kwa Januwale madamu anamulipira pa tsiku la nthawi zonse. Adija sanagule kanthu tsiku limenelo. Anatsegula balansi pafoni, anafuna mawu amene Palesa anazunguliza, n'kuona kuti nambala ya pambali pake ikukwana. M'mawa mwake akusita malaya a bwana, uthenga wa banki unalowa wonena kuti kampani ya foni yalipiridwa. Panalibe chindapusa. Mwezi wotsatira zinayendanso chimodzimodzi, ndi winawo.

Asiyatu tsopano amaimba pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri pa zinthu zazing'ono. Mwana akulira m'mimba, atani? Tsitsi la kumbuyo likuthothoka, n'zoopsa? Adija amaimika foni pawindo la kukhitchini n'kumayankha manja ali m'madzi a mbale.

Ambiri a ife tili ngati Adija. Banki ikabweza debiti oda timaganiza kuti yatibera kapena yatisala, ndipo timakhala chete n'kumadikira. Koma banki siyang'ana nkhope, dziko limene munthu wachokera, kapena kukula kwa vuto lake. Imayang'ana ngati ndalama zimene mungagwiritse ntchito zikukwana mu akaunti imene munasainira, pa tsiku limene pempho lafika. Choncho dziwani tsiku limene amakudulani, ndipo liikeni pafupi ndi tsiku la malipiro. Werengani nambala yoyenera musanagule kapena kutapa. Chinthu chikabwezedwa, musadikire kuti chikonzeka chokha. Pitani kubanki tsiku lomwelo mukafunse, ndipo ngati chilankhulo chikukuvutani, pezani wokuperekezani. Ndalama ndi zanu, ndipo muli ndi ufulu wodziwa kumene zapita.